Joe M'beseni la Khirisimasi

"Joe, tagona! Ndikuti gona!"

Aka kanali kachisanu Tusekele kumubwezera mlongo wakeyo m'beseni, ndipo kachisanunso Joe anatulukamo. Nsapato zake zatsopano, zija zolira ukaponda, zinangoti pyo pyo pyo kulowera kuguwa, ana a Sande sukulu n'kufa nalo phwete.

Zaka zitatu zotsatizana Tusekele ankakhala nkhosa m'sewero la Khirisimasi kutchalitchi kwawo ku Area 25, kukwawa ndi thumba la ufa kumsana. Chaka chino anamusankha kukhala Mariya, n'kumupatsanso nyimbo yoimba yekha. Koma pampingopo panali mwambo woti m'beseni loimira modyera ng'ombe muzigona khanda lenileni, osati chidole. Khanda limene analikonzera linadwala chifuwa kutatsala masiku awiri, ndipo amayi a Tusekele, omwe sadziwa kukana ntchito ya Mulungu, anapereka Joe. Inde, Joe wa zaka ziwiri ndi theka, amene mawu ake oyamba padziko lino anali akuti "ayi".

"Amama, khanda lanji la mano odzaza m'kamwa?" anadandaula Tusekele.

"Ndi mlongo wako, umudziwa wekha," anayankha amayiwo, maso ali pa malaya amene ankasita.

Tsiku lomaliza lokonzekera, zinthu zinafika poipa. Joe anamunyengerera ndi switi. Anadya switiyo n'kutuluka. Anamuvula nsapato, analira mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira. Anzeru a kum'mawa atagwada ndi mphatso zawo, Joe anang'amba pepala n'kuyamba kukukuta mabisiketi amene azimayi a bungwe la Umanyano anakonzera okalamba.

Anti Mabel, mphunzitsi wa Sande sukulu, anagwira m'chiuno. "Tuse, mawa akachitanso chonchi, nyimbo ija aimba mnzako Fiona. Mariya sangamaimbe uku akuthamangitsa mwana tchalitchi chonse."

Apa madzi anafika m'khosi. Zaka zitatu za unkhosa zithere m'manja mwa kamwana kovala thewera? Tusekele anamukokera Joe pambali n'kumulozera Collins, mnyamata wamtali wa Fomu 3 amene ankasewera ngati Herode, ali ndi lupanga lathabwa lokutidwa ndi pepala lonyezimira.

"Ukuwaona awo?" ananong'oneza. "Ndi a Herode. Amadula ana otuluka m'beseni. Ukangodzuka kapena kulira, akudula."

Joe anayang'ana lupangalo, kenaka anayang'ana mlongo wake.

M'mawa wa Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Tusekele anakhala kutsogolo atafunda nsalu yabuluu, beseni lili pamapazi pake. Angelo anabwera n'kupita. Abusa a nkhosa anagwada. Anzeru a kum'mawa anatula mphatso, ndipo palibe pepala linang'ambidwa. Joe anali zii. Azimayi a kutsogolo ankanong'onezana kuti mwanayo ndi woleredwa bwino, ndipo Tusekele anadzitama mumtima, n'kumadzifunsa kuti nzeru zoterezi zinali kuti masiku onsewa.

Kenaka Herode analowa akupondaponda, lupanga lili m'mwamba. "Iphani ana onse aamuna!" anabangula. Asilikali ake anathamanga uku ndi uku akugundana dala, anthu n'kuseka monga amachitira chaka chilichonse. Phokoso litazizira, wa kiyibodi anayamba nyimbo ija. Nthawi ya Tusekele inakwana.

Anaimirira, nakoka mpweya, nayang'ana m'beseni monga anamuphunzitsira Anti Mabel.

Joe sanali m'tulo. Maso anali tong'o, manja onse awiri atatseka pakamwa, misozi ikutsikira m'makutu. Kabudula anali atanyowa, ndipo miyendo anali ataikweza m'mwamba kuti nsapato zisagunde beseni n'kulira. Anali atagona chotero kuyambira pemphero loyamba.

Wa kiyibodi anabwereza poyambira, akumukodola Tusekele ndi mutu. Mawu a nyimboyo Tusekele ankawadziwa ngati dzina lake, koma manyazi anamugwira. Anawerama, namunyamula Joe ndi kunyowa kwake komweko, natulukira khomo lam'mbali. Ali pakhomo anamva mawu a Fiona akulandira nyimbo ija, okoma bwino ndithu, ndipo zinamupweteka.

Panja, kuseri kwa thanki yamadzi, anakhala pansi n'kumufunditsa nsalu yabuluu ija. Anayesa kumuchotsa manja pakamwa, koma Joe anakana mpaka atasuzumira mbali zonse.

"Tuse," ananong'oneza, mawu akudukaduka, "sindinadzuke. Sindinalire. Ukawauze asandidule."

"Palibe akudule, Joe. Ndinakunamiza ineyo."

Joe anapukusa mutu n'kumukakamira m'khosi. Dzulo anamukhulupirira nthawi yomweyo, koma lero kuti amukhulupirire zinamutengera Tusekele mapemphero onse mpaka anthu kutuluka, akubwereza mawu omwewo.