Khoma la Kuchipinda

Anakumana m'sitolo ya a Moosa ku Area 1, chaka chomwe boma linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Tabitha, wotayipa makalata m'boma, ankagula ulusi. Felton, kalaliki wochokera ku Rumphi, ankangokanda m'mutu.

"Achemwali, pepala lamaluwa lomata kukhoma amalichotsa bwanji? Nyumba yomwe andipatsa ku Area 3 munkakhala mzungu."

"Madzi otentha ndi mpeni basi. Amuna inu, chilichonse mpaka kuuzidwa?"

Chikondi chinayambira pomwepo. Loweruka lililonse Tabitha ankanyowetsa makoma a pabalaza, Felton n'kumapala, mphemvu zili balalabalala, iwo ali kikiki.

"Duwa langa, popanda iwe nyumba ino ndi bwinja," ankatero Felton. Mawu okoma analipo ambiri, koma za ukwati, zii!

Kenaka kuofesi anamuuza Tabitha kuti akufuna wotayipa mmodzi abwerere ku Zomba, ndipo ayankhe Lolemba. Akhaliranji kuno ngati mwamunayo sakunena kanthu?

"Lero tipale kuchipinda chogona," anatero Felton Loweruka limenelo. Aka kanali kachitatu kupempha zimenezi.

Tabitha anaponya chinsanza m'ndowa. Mtima unamupweteka zedi.

"Ine kulowa kuchipinda kwa mwamuna wosandikwatira? Mwandiyesa wotani? Kani kutsekemera konse kuja mumafuna zimenezi? Ndikubwerera ku Zomba!"

Anatuluka misozi ili chuchuchu. Felton anamupeza pageti, mpeni udakali m'manja.

"Chabwino, usalowe. Ingozungulira kuseri, uime pazenera. Chonde, wokondedwa."

Tabitha anapita monyinyirika n'kusuzumira. M'katimo Felton anagwira nsonga ya pepala n'kukoka, kwee! Linasendeka mosavuta, poti anali atalimatula kale yekha n'kulimatanso ndi phala la chinangwa. Pakhomapo panali zilembo zikuluzikulu za makala: "TABITHA, NDIKUFUNA UKHALE MKAZI WANGA."

"Ndinalemba milungu itatu yapitayo kuti uzipeze wekha," anatero Felton mwamanyazi. "Ndinaiwala kuti unaleredwa bwino."

Tabitha anaseka uku akulira, chipumi atatsamiritsa pawaya wa zenera.

"Milungu itatu, Felton! Pakamwa mulibe kodi?"

"Ndimaopa kuti undikana maso ndi maso. Nanga ukuti bwanji?"

"Ku Zomba apite ena. Koma khoma limenelo mupala nokha, bambo. Ine ndidzalowa ankhoswe akadzakumana!"