Foda ya Zotaya

Pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba panali bambo wina amene anzake ankamutcha Tsache. Dzinalo silinali lachikondi ayi. Ntchito yake inali kusesa m'makompyuta: kufufuta maimelo akale, kusanja mafayilo, ndi kukonza foda yaikulu imene antchito onse ankasungamo zinthu zawo. Foda imeneyo inali dzala lenileni. Munthu amati akalemba kalata ankaisunga kuti "yomaliza," mawa lake "yomaliza yeniyeni," mkuja "yomaliza, musakhudzenso." Zonsezo Tsache ankazitsegula imodziimodzi mpaka maso kuchita kuwawa.

Tebulo lake linali pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, ndipo malipiro ake ankatha mwezi usanafike pakati. Kunyumba anali ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, amene ankamutcha Kamphepo chifukwa sankadziwa kuyenda, ankangothamanga. Mkaziyo ankaitana mwamuna wake kuti bambo a Kamphepo, ndipo dzina limeneli lokha ndi limene linkamupatsa ulemu padziko. Foni yake yakale inali yodzaza, choncho chithunzi chimodzi chokha chimene anajambula tsiku limene mwanayo anabadwa, kakhanda kofiira kokulungidwa m'nsalu, anachisamutsira mu foda ya kuntchito, m'kangodya kena kolembedwa kuti "zakale."

Pansi pa windo lake pankaima galimoto ya mkulu woona zogula katundu. Mkulu ameneyu ndiye ankaunjika zinyalala zambiri mu foda ija kuposa aliyense. Akamadutsa popita kuchimbudzi ankamumenya Tsache paphewa n'kunena kuti, "Sesani, achimwene, sesani!" Tsache ankaseka nawo, koma mumtima njiru inkamudya usana ndi usiku.

Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anakwera masitepe a kuseri kwa shopu yokonza mafoni, kumene anamva kuti kuli sing'anga wa chizimba cha chuma. Anapeza mdala wovala shati yoyera yosita bwino, atakhala m'chipinda chopanda kanthu koma mipando iwiri.

"Ntchito yako n'chiyani, mwana wanga?" anafunsa mdalayo.

"Ndimafufuta zinthu m'makompyuta, ababa."

"Eee. Ndiye wabwera ndi mpeni wako kale." Mdalayo anatulutsa kachithumwa kakuda, kochepa ngati chala cha mwana. "Aka ukakaike pansi pa kiyibodi yako. Ukatsegule foda yatsopano, uitche kuti Zotaya. Mwezi ukamatha uziikamo kanthu, uzifufuta ndi dzanja lako, ndipo bini ya m'kompyutamo uzikhuthulanso. Chuma chidzakupeza chokha."

"Basi? Magazi ayi?"

"Magazi ndi a anthu opanda ntchito ngati yako. Koma tamvetsetsa. Fayilo ikakhala ndi inzake yofanana nayo, chuma chibwera ndithu, ndipo palibe chimene chitayike. Ikakhala yomaliza, yopanda inzake kwina kulikonse, chimene chili m'menemo chimapita nayo limodzi. Anthu onse adzachiiwala. Wochikumbukira udzatsala wekha."

Tsache anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ababa, ofesi yathu simukuidziwa. Kalata imodzi imakhala ndi azibale ake khumi. Ndingadyetse kachithumwa aka mpaka kukalamba."

"Zinyalala zimatha, mwana wanga," anatero mdalayo, osaseka. "Ndipo mwezi ukadutsa osakapatsa, kadzasankha kokha. Kamakonda za pafupi ndi mtima."

Koma munthu amene nsapato zake zili zomata ndi guluu samva zinthu ngati zimenezo. Tsache anatenga kachithumwako n'kutsika masitepe akuimba likhweru.

Mwezi utatha anaika mu Zotaya makalata obwerezabwereza a mkulu wa zogula uja, n'kufufuta. Sabata isanathe bwana wamkulu anamuitana n'kumukweza udindo. Mwezi wotsatira munthu wina wosamudziwa anamupatsa ntchito yapadera yokonza makompyuta a makampani atatu. Ndalama zinayamba kulowa ngati madzi a mpopi woiwalika. Anasamukira m'nyumba ya mpanda, anagula galimoto, anagula foni yatsopano, yakale ija n'kuitaya. Kamphepo anapeza bwalo lothamangamo, ndipo mayi ake ananenepa masaya.

Apa ndiye pamene Tsache anachita chinthu chopusa, ndipo ine chimandipsetsa mtima mpaka lero. Chifukwa chokoma kutamandidwa, anakhazikitsa malamulo mu ofesi monse. Fayilo iliyonse ikhale imodzi yokha. Maimelo akale azifufutidwa. Makope osungira, amene kampani inkasunga kuti zinthu zikatayika azibwezeretse, anati akungodya malo, nawonso anawachotsa. Bwana anamuyamikira pamsonkhano, anthu n'kuwomba m'manja. Foda ija inayera mbee, chilichonse pamalo pake. Munthuyo anasesa yekha chakudya cha chilombo chimene ankaweta.

Kutha kwa mwezi wina anafufuza foda yonse osapeza fayilo ngakhale imodzi yokhala ndi inzake. Kiyibodi inali yofunda ngati pansi pake pagona kanyama. Ali choncho, mkulu wa zogula anadutsa n'kumumenya paphewa monga kale. "Sesani, bwana Tsache, sesani!" Tsache anamuyang'ana mpaka atalowa m'chimbudzi. Kenako anatsegula mafayilo a antchito, anakoka kalata yolembera ntchito mkuluyo, anaiponya mu Zotaya, n'kufufuta.

M'mawa mwake pamalo poimika galimoto paja panali pululu. Mu ofesi ya mkuluyo munali makatoni a mapepala ndi fumbi la zaka. Tsache anafunsa mayi wa kumaakaunti, mayi wachikulire wosunga malamulo kuposa bwana mwini.

"Amayi, akulu a zogula aja lero sanabwere?"

"Akulu ati? Zogula timachita tokha chiyambire. Mwagona bwino koma, abwana?"

Tsache analowa m'chimbudzi n'kusanza. Mwezi womwewo anagula nyumba yachiwiri.

Anabwerera kwa mdala uja ali ndi kachithumwako m'thumba. "Ababa, ndakhuta. Tengani kanthu kanu."

"Ndani anakuuza kuti kamabwezedwa?"

"Ndikupatsani nyumba, galimoto, zonse."

"Ine ndili ndi mipando iwiri, ikundikwanira. Iwe pita ukakadyetse. Kapena ukufuna kasankhe kokha? Paja unati uli ndi mwana?"

"Sindinanene zimenezo."

"Eee, sunanene," anatero mdalayo, akumwetulira.

Tsache anatsika masitepe n'kukabwezera kachithumwako pansi pa kiyibodi. Anaganiza zoti asamasankhenso yekha, kuti mlandu usamakhale wake. Choncho anaika lamulo lina. Wantchito aliyense akapeza chinthu chosakhala cha kampani mu foda ya onse, kapena chimene sichinatsegulidwe kwa nthawi yaitali, azichikokera mu Zotaya. Mwezi ukatha Tsache ankatsegula fodayo, n'kutembenuzira nkhope kukhoma, n'kufufuta osawerenga dzina ngakhale limodzi.

Zinthu zinayamba kusowa mwakachetechete. Kasitomala wina wakale amene ankabwera ndi njinga sanaonekenso, ndipo palibe anamufunsa. Pa chithunzi cha antchito chopachikidwa pakhoma panayamba kuoneka mipata pakati pa mapewa a anthu. Tsache yekha ndi amene ankadziwa amene ankaima m'mipatamo. Anasiya kuyang'ana khomalo. Anaonda, tulo tinamuthawa, koma akafika kunyumba Kamphepo n'kumuthamangira, ankadziuza kuti zonsezi akuchitira mwanayu.

Tsiku lomaliza la mwezi wina, mayi wa kumaakaunti anasuzumira pakhomo la ofesi yake.

"Abwana, ndapeza kafoda kena kobisika kolembedwa kuti zakale. Mulibe za kampani, ndiye ndakaponya mu Zotaya monga mwa lamulo lanu. Simukaonako kaye?"

"Ayi, amayi, mwachita bwino," anatero Tsache, maso ali pa foni. Mutu wake unali pa nsapato zofiira zimene Kamphepo anaziona m'shopu n'kuzilirira. Anatembenuzira nkhope kukhoma, anafufuta, anakhuthula bini, n'kunyamuka kukagula nsapatozo.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Anaimba belu la galimoto pageti monga ankachitira masiku onse, koma palibe anathamanga. Mkazi wake anatuluka akupukuta m'manja.

"Mwaswera bwanji, amuna anga?"

Tsache anaima. Chibadwire mwanayo, mkaziyo anali asanamuitanepo choncho.

"Mwati chiyani?"

"Ndati mwaswera bwanji. Nanga tinsapato ito n'ta mwana wa ndani?"

"Kamphepo ali kuti?"

"Ndani?"

Tsache anamukankha n'kuthamangira kuchipinda cha mwanayo. Munali masutikesi, matiresi akale ndi fani yowonongeka. Pakhoma pamene ankalemba mizere yoyeza msinkhu wake panali penti yoyera, yosakhudzidwa. Anakuwa dzina la mwanayo m'zipinda zonse mpaka mawu kusasa. Mkazi wake anakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Mukundinyoza chifukwa chiyani? Zaka zonsezi Mulungu sanatipatse mwana, ine ndinavomereza. Lero mukundibweretsera nsapato?"

Pamenepo m'pamene Tsache anakumbukira kangodya kaja kolembedwa kuti zakale, ndi kakhanda kofiira kokulungidwa m'nsalu. Anathamangira kuofesi. Zotaya inali yopanda kanthu, bini yopanda kanthu. Anafunafuna makope osungira, n'kukumbukira kuti anawachotsa yekha, anthu akumuwombera m'manja. Anakwera masitepe a kuseri kwa shopu ya mafoni, n'kugwada pamaso pa mdala uja.

"Ababa, ndibwezereni mwana wanga! Fufutani ineyo!"

"Mwana uti?" anafunsa mdalayo. "Usandiyang'ane choncho, sindikukuseka. Inenso sindikumudziwa. Ndinakuuza kuti wokumbukira udzatsala wekha."

Tsache sanabwererenso kuntchito. Nyumba zija zinagulitsidwa, galimoto inatengedwa, mkazi anabwerera kwa makolo ake akunena kuti mwamuna wake wapenga ndi mwana wa m'maloto. Za kachithumwa kaja sindikudziwa. Kiyibodi inapatsidwa kwa munthu wina, ndipo sindinamve kuti anayang'ana pansi pake.

Masiku ano mukadutsa kuseri kwa maofesi aja mudzaona bambo wa ndevu zanyankhalala akuvundukula mabini amodziamodzi. Satola chakudya ayi. Amatulutsa pepala lililonse, n'kuliwongola pabondo, n'kuliyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kulibwezera. M'khosi mwake mumalendewera tinsapato tofiira tomangidwa ndi chingwe. Alonda akamuthamangitsa amawapempha mwaulemu kuti amutchule kamodzi kokha kuti bambo a Kamphepo, iwo n'kumaseka chifukwa sadziwa kuti Kamphepoyo ndani.

Abale anga, dyera ndi loipa. Chuma chobwera ndi chithumwa chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo salandira zinyalala mpaka kalekale. Tsache anali wosauka, inde, koma madzulo alionse panali mwana womuthamangira. Anafuna zambiri, anasiya kuyang'ana chimene dzanja lake likutaya, ndipo anataya mwanayo ndi chala chake chomwe. Musasirire galimoto ya mnzanu mpaka kukwera masitepe amene Tsache anakwera.