Matenda a Madalo

Pa Chiringa ponse, kuyambira kumjigo mpaka kuchigayo, anthu ankangonong'onezana nkhani imodzi. Ati Madalo, mwana wa Violet, ali ndi nthenda ya mtima, ndipo mvula ya chaka chino saiona. Koma abale inu, mwini mwanayo ndiye anali womaliza kumva! Anamvera kumjigo, mayi wina atamugwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani amake Madalo, Mulungu alipo." Violet anasiya ndowa pomwepo n'kuthamangira kunyumba. Anakapeza Madalo akudumpha chingwe pabwalo, kukamwa kuli tho ndi chinangwa.

Kuti mumvetse, ndiyambe chonchi. Laston, mwamuna wa Violet, anapita ku Amereka Madalo akadali kumsana. Atapeza chilolezo chokhala kumeneko, analemba mapepala oitanitsa mkazi ndi mwana. Ndiye mapepalawo kuchedwa kwake! Chimanga chinadzalidwa, chinakololedwa, chinadzalidwanso, yankho limodzimodzi: "Akadali pamzere." Violet nthawi yonseyi anali kuchitengwa, kukhala ndi apongozi ake a Eveles.

Tsiku lina Laston ataimba foni ya vidiyo, a Eveles anamufunsa ngati palibe njira yachidule.

"Ilipo Amayi, munthu amatha kupempha kuti afulumizitse. Koma n'pokhapokha pali vuto lalikulu, monga matenda akayakaya, komanso pakhale..."

Netiweki inadukira pomwepo. A Eveles anatola mawu awiri okha, matenda ndi kufulumira, n'kuwasunga mumtima.

Madzulo a tsiku la kumjigo lija Violet anawafunsa atagwada.

"Amayi, ndani akuuza anthu kuti mwana wanga akufa?"

"Ndine," anayankha osaphethira. "Azungu a ku Amerekawo akatuma anthu kudzafufuza, mudzi wonse udzachitire umboni. Inu mukufuna kukalamba ndi ukwati wa pafoni? Mwana wanga akakwatira mzungu mudzalira ndi ndani?"

"Koma matenda saitana, Amayi. Ndikuopa ine."

"Mantha anuwo ndi amene akuchedwetsa ulendo."

Lamulungu a Eveles anaimirira m'tchalitchi n'kupempha mapemphero, misozi ikutsikadi. Pakati pa sabata amayi a Mvano anabwera kudzazonda wodwala. A Eveles anagoneka Madalo pamphasa, n'kumufunditsa bulangete dzuwa lili phwee, n'kumulonjeza mandasi akakhala duu. Amayiwo anaimba nyimbo zija amaimbira odwala mwakayakaya. Violet anakhala pakona. Ankaona ngati akuonerera maliro a mwana wake, mwanayo akupuma. Ankafuna kukuwa kuti ndi bodza, koma mtengwa angachititse manyazi apongozi pamaso pa mpingo?

Ndiye tamverani zomwe zinachitika. Sabata isanathe, m'mawa wina Madalo sanadzuke kukasewera. Violet atamukhudza pachipumi anachotsa dzanja msanga. Moto weniweni! Mwana anasanza, mano akugundana, n'kumangoti, "Amama, mutu."

"Amayi! Bwerani! Zija munaitana zija zafika!"

A Eveles analowa, anamukhudza mwanayo, nkhope yawo inasintha pang'ono. Koma zomwe ananena, mpaka lero anthu sazimvetsa.

"Musathamange. Kwa Laston kukadali mdima, akugona. Tidikire adzuke masana, amuone mwanayu pa vidiyo ali chonchi, ajambule akaonetse azungu aja. Mukapita naye kuchipatala pano, akamubaya jekeseni achira, ndiye umboni tiutenga kuti?"

Violet anawayang'ana ngati sakuwadziwa.

"Mukuti mwana wanga apse mpaka masana chifukwa cha ndege?"

"Ndikukonzerani banja inu, amake Madalo!"

"Banja lake liti, lopita ku Amereka ndi bulangete lopanda mwana?"

A Eveles anaima pakhomo atatambasula manja. Nthawi yomweyo Madalo anauma thupi, maso n'kutembenuka, timanja tikugwedezeka. Violet anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Ulemu wonse wa chitengwa unathera pompo. Anabereka mwana, anakankha dzanja la apongozi, n'kumenyetsa chitseko kuti phwaa! Anathamanga wopanda nsapato mpaka kumsewu, n'kukwera kabaza woyamba kumuona. Njira yonse ankangoitana, "Madalo, ndiyankhe! Madalo!" Kumsana kunali zii, kutentha kokhakokha.

Kuchipatala anamuyeza n'kupeza malungo aakulu. Namwino anamuika diripi n'kufunsa kuti, "Mwana wayamba kukomoka muli kuti? Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina." Violet anangokhala pansi pasimenti n'kulira.

Masana foni inalira. Anali Laston, atangodzuka kumene. Violet anamuuza zonse, za kumjigo, za Mvano, za bulangete, za pakhomo paja. Laston analira ngati mwana.

"Ine ndimati pakhale umboni weniweni wa dokotala! Azunguwo sabwera kumudzi kudzafunsa anthu. Ndipo akangogwira bodza, akhoza kutitsekera khomo mpaka kalekale. Malungo ochira ndi mankhwala safulumizitsa kanthu. Amayi afuna kundiphera mwana pachabe?"

Madalo anatsegula maso tsiku lotsatira n'kupempha mandasi aja analonjezedwa. Violet anaseka akulira.

Atatuluka m'chipatala, Violet sanabwerere kwa apongozi. Anapita kwawo kunsi kwa phiri la Michesi, kwa amayi ake omubereka. Lamulungu lotsatira a Eveles anaimiriranso m'tchalitchi, ulendo uno akulu a mpingo atawaitanitsa, n'kuulula kuti nthenda ya mtima ija inali yopeka. Amayi a Mvano sanawayang'ane n'komwe.

Kenako a Eveles anayenda wapansi mpaka ku Michesi, nkhuku ili m'khwapa. Anagwada pabwalo, mayi wamkulu ngati uja, pamaso pa mpongozi wawo.

"Amake Madalo, ndinalakwa. Ndimaopa kuti banja la mwana wanga litha ine ndikuona. Bwererani, nyumba ija yandikulira."

Madalo atawaona agogo akewo anathawira kumbuyo kwa amake, n'kugwira chitenje mwamphamvu. "Amama, asandifunditsenso bulangete."

A Eveles anagwetsa nkhope, misozi ili mbwembwembwe. Violet analandira nkhukuyo ndi manja awiri, koma anati, "Ndakukhululukirani, Amayi. Kudzamuona mdzukulu wanu muzibwera. Koma mapepalawo, kaya atuluka chaka chino kaya Madalo atatha sukulu, ndidikirira kuno."

Mapepala akadali pamzere mpaka lero. Kumjigo anthu agawikana, ena akuti Violet waumitsa mtima, ena akuti wachita bwino. Nanga inuyo, mwanayo akanakhala wanu, mukanabwerera m'nyumba imene ija?