Kabokosi Kotafuna Anthu

Panali kamtsikana kena kosakhazikika. Onse ankamutchula Kanyerere. Anali wamng'ono, koma sankakhala pansi.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona nkhope ya abambo ake.

Abambo anali kutali. Ankamanga mlatho pamtsinje waukulu. Anachoka mano akutsogolo a Kanyerere asanaguluke. Manowo anaguluka. Ena atsopano anamera. Koma abambo anali asanabwere.

Tsiku lina m'mawa foni ya amayi inalira. Anali abambo. Anati mlatho watha. Anati masana omwewo mlathowo uonetsedwa pa kanema. Omanga ake aonetsedwanso. Zikatero, iwo abwera kunyumba.

"Uyang'anitsitse, Kanyerere," anatero abambo. "Ndikakweza dzanja, ndiye kuti ndikupatsa moni iweyo."

Kanyerere anadumphadumpha. Amayi nawo anasangalala kwambiri. Anatulutsa bulangete lalikulu la abambo. Analichapa kuti abambo adzalipeze loyera.

Bulangete lonyowa ndi lolemera. Amayi ataliponya pachingwe, msomali wa chingwecho unazuka pakhoma. Amayi anayang'ana uku ndi uku. Pafupi ndi zenera panali mlongoti wautali. Pamwamba pake panali eriyo, chitsulo chooneka ngati minga ya nsomba. Eriyo ndi imene imakoka zithunzi za pa kanema. Amayi sanaganize zambiri. Anamanga chingwe pamlongotiwo, n'kuyanika bulangete.

Pabalaza panali kanema. Pansi pa kanema panali kabokosi kakuda. Dzina lake ndi dikoda. Kabokosiko kali ndi diso limodzi lobiriwira. Diso limenelo siliphethira.

Masana anakwana. Achimwene ake a Kanyerere anayatsa kanema. Kanyerere anakhala pansi, kutsogolo kwenikweni. Pa kanema panali mayi wowerenga nkhani.

Mwadzidzidzi nkhope ya mayiyo inasweka. Mphuno inapita uku. Pakamwa panapita uko. Nkhope yonse inasanduka timabokosi ting'onoting'ono. Mawu nawo anaduka. "Mla, mla, mla," anatero mayiyo. Kenaka kanema analira khrrr. Kenaka panada bii.

Kanyerere anadzidzimuka. Anafunsa achimwene kuti mayi uja wapita kuti.

Achimwenewo ndi munthu wa nthabwala. Pakamwa pawo sipakhala phee. Anawerama, n'kuloza kabokosi kaja.

"Kabokosika kali ndi njala," ananong'ona. "Kamutafuna mayi uja. Kakamaliza, katafuna wotsatira."

Kanyerere anaganiza. Wotsatira ndani? Wotsatira ndi abambo.

Mantha anamugwira. Anathawira kuseri kwa mpando. Anasuzumira pang'ono. Diso lobiriwira lija linkamuyang'ana.

Chithunzi chinabweranso. Mayi uja anali ndi theka la mutu. Kenaka khrrr, anaswekanso. Kanyerere anatseka maso ndi manja. Misozi inadutsa pakati pa zala.

Amayi analowa, manja ali onyowa. Anamva zonse. Anawadzudzula achimwene kuti asiye kuopseza mwana. Kenaka anamunyamula Kanyerere. Anamuuza kuti kabokosi kalibe mano. Kalibe pakamwa. Kalibe mimba.

Kanyerere anagwedeza mutu. Koma mantha samva msanga. Iye anali ataona yekha nkhope ikusweka.

Achimwene anati akonza, n'zosavuta. Anazimitsa dikoda. Anadikira pang'ono. Anayatsanso. Nkhope inaswekabe.

Anasuzumira kumbuyo kwa kabokosi. Anazula waya wochokera ku eriyo. Anamuuzira mpweya, n'kumulowetsanso bwinobwino. Nkhope inaswekabe.

Anachotsa mabatire a rimoti. Anawatembenuza. Anawabwezera. Nkhope inaswekabe.

Ndiye anakamenya kabokosi pamsana, pha, pha. Amayi anawagwira dzanja. Anati dikoda si mbuzi yolowa m'munda.

Achimwene anadina rimoti. Pa kanema panaoneka kamzere. Kamzereko kamasonyeza mphamvu yochokera ku eriyo. Kakakhala katali, zithunzi zimaoneka bwino. Kakakhala kafupi, zithunzi zimasweka. Lero kanali kafupi ngati kachala kakang'ono. Kankatalika pang'ono, n'kufupikanso.

Achimwene anakanda mutu. Nthabwala zonse zinawathera.

Mawu a mayi uja anamveka modukaduka. Anati ikatha nyimbo, aonetsa mlatho. Nyimbo inayamba.

Kanyerere anaganizanso. Abambo ali pafupi kulowa m'kabokosi. Akaswekamo, adzawalumikiza ndani? Adzabwera bwanji kunyumba opanda mphuno? Adzamupatsa moni ndi dzanja liti?

Sanafunenso kuyang'ana kanema. Anatembenuka. Anayang'ana pazenera.

Kunja kunali mphepo. Mphepo inaomba. Bulangete linakoka chingwe. Chingwe chinakoka mlongoti. Mlongoti unawerama. Kumbuyo kwa Kanyerere kanema analira khrrr.

Mphepo inaleka. Bulangete linakhala bata. Nyimbo inamvekanso pang'ono.

Kanyerere anapukuta misozi. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kanyerere, amene sakhala pansi uja, lero anaima phee. Anadikira.

Mphepo inaombanso. Bulangete linakoka chingwe. Chingwe chinakoka mlongoti. Mlongoti unawerama. Khrrr.

"Amayi," anatero Kanyerere. "Si kabokosi. Ndi bulangete la abambo."

Achimwene anaseka. Anati chiyambire sanaonepo bulangete lotafuna anthu. Koma Kanyerere anawakoka malaya. Anawakokera pazenera. Anakokanso amayi.

Onse anayang'ana. Mphepo inaomba. Mlongoti unawerama. Khrrr.

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo ine. Ndamanga ndine chingwe chija."

Anathamangira kunja. Anaanula bulangete. Anamasula chingwe. Mlongoti unaima chilili. Koma eriyo inali itapotoka. Inkayang'ana kolakwika. Pa kanema anthu ankaswekabe.

Achimwene anati mlongoti ukufunika kuupotoza pang'onopang'ono. Iwo apotoza. Amayi agwirizira m'munsi kuti usagwe. Koma pakufunika munthu wina m'nyumba. Munthuyo aime pafupi ndi kanema. Aziyang'ana kamzere kaja. Azinena ngati kakutalika.

Amayi anayang'ana Kanyerere. Achimwene anayang'ana Kanyerere. Panalibenso wina.

Kanyerere anatembenuka. Analowa m'nyumba yekha. Pabalaza panali zii. Kabokosi kanali pomwe paja. Diso lobiriwira linali pomwe paja.

Anaponda kamodzi. Anaima. Anapondanso. Ankafunitsitsa kubwerera kuseri kwa mpando. Koma kuseri kwa mpando kamzere sikaoneka.

Anafika pafupi. Anayang'ana diso lija. Nalonso linamuyang'ana.

"Ndikukuopa," ananong'ona Kanyerere. "Koma abambo anga suwakhudza."

Kabokosi sikanasunthe. Sikanatsegule pakamwa. Kanangokhala.

Kunja achimwene anayamba kupotoza. Anafunsa pazenera ngati kamzere kakutalika.

"Ayi, kakufupika. Potozerani kwinako."

Achimwene anapotozera kwinako. Kamzere kanatalika pang'ono.

"Onjezani."

Kanatalikanso.

"Onjezani pang'ono."

Kanatalika, kenaka kanafupika. Nkhope ya woimba inasweka. Nyimbo inali pafupi kutha. Koma Kanyerere sanathawe.

"Mwapitirira, achimwene. Bwererani pang'ono."

Achimwene anabwerera pang'ono. Kamzere kanatalika, kanatalika, kanatalika. Kanafika pafupi ndi kumapeto.

"Pomwepo! Musagwedezenso."

Timabokosi tonse tinasowa. Woimba anali ndi mphuno. Anali ndi pakamwa. Anali wathunthu.

Amayi anamangirira mlongoti kukhoma zolimba. Kenaka onse anathamangira m'nyumba. Nyimbo inatha.

Mlatho unaoneka. Unali wautali, wokongola. Pamlathopo panaima anthu ovala zisoti zachikasu. Kanyerere anayang'ana nkhope imodziimodzi. Uyu si abambo. Uyunso si abambo.

Kenaka anawaona. Anali kumapeto kwa mzere.

Kanyerere anayang'anitsitsa. Maso alipo. Mphuno ilipo. Makutu alipo. Manja alipo. Abambo anakweza dzanja m'mwamba. Kanyerere anakwezanso lake. Chimwemwe chinadzaza mumtima mwake.

Ndiye abambo anavula chisoti chawo. Mutu unali see. Panalibe tsitsi ngakhale limodzi.

Kanyerere anagwira mkono wa amayi. "Amayi, tsitsi! Kabokosi kadya tsitsi la abambo."

Amayi anatong'ola maso. Achimwene nawo anangoti kukamwa yasa. Abambo anachoka ndi tsitsi lambiri, lakuda bii. Achimwene anayang'ana kabokosi kaja. Anasendera kumbuyo pang'ono. Woopseza anzake uja lero anaopa yekha.

Mlatho unachoka pa kanema. Posapita nthawi foni inalira. Kanyerere anailanda. Sanapereke ngakhale moni. Anafunsa kuti tsitsi lili kuti.

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Anati kumene ali kukutentha kwambiri. M'chisoti mumachita thukuta. Ndiye dzulo anapita kwa wometa, n'kumeta mpala.

"Ndiye simunatafunidwe?"

"Ayi, mwanangu. Ndili wathunthu. Ndikubwera ndi mphuno yanga yomwe."

Amayi anaseka mpaka misozi. Achimwene anati iwo ankadziwa kale. Palibe amene anawakhulupirira.

Mtima wa Kanyerere unakhala m'malo. Anaganiza pang'ono. Kenaka anayandikitsa foni pakamwa.

"Abambo, nanunso mukabwera musadzachite mantha. Mano anga akutsogolo aja kulibe. Awa ndi ena."

Abambo analonjeza kuti alimba mtima.

Madzulo achimwene anakhoma msomali watsopano. Anaukhoma kutali ndi mlongoti. Amayi anayanikanso bulangete. Mphepo inaomba. Bulangete linakoka chingwe. Koma mlongoti unangoima. Pa kanema palibe amene anasweka.

Bulangete litauma, abambo anafika. Anaika chikwama pansi. Anagwada pakhomo.

Kanyerere anawagwira mphuno. Anawagwira makutu. Anawasisita mutu wa mpala uja. Zonse zinalipo.

Kenaka Kanyerere anamwetulira, mano atsopano onse pamtunda. Abambo anayerekeza kudzidzimuka. Anabisala kuseri kwa amayi.

"Musaope, abambo," anatero Kanyerere. "Ndine yemwe uja."

Abambo anamunyamula. Anamufunditsa bulangete lija, iwonso n'kufunda. Onse anakhala pamodzi pabalaza. Diso lobiriwira linkawayang'ana. Kanyerere analiyang'ananso, n'kulitulutsira lilime.