Mayi wa m'Galimoto Yam'mbuyo

"Ndiye ndikwere kapena ndisakwere?"

"Consolata, ndakuuza kale. Tidikire fodya atuluke ku msika wa Chinkhoma."

"Chaka chatha unanenanso za fodya. Kodi iwe ukufuna kukwatira ine kapena belo?"

Consolata ndi chibwenzi chake, Sankhani, anali ataimirira kuseri kwa chigafa cha abambo ake a mtsikanayo, ku Simlemba, akukangana motsitsa mawu kuti a m'nyumba asamve. Azakhali ake a mtsikanayo anali atamupezera malo pa sukulu ya zosoka ku Mzuzu, ndipo galimoto inali yonyamuka m'mawa. Malowo anali atawakanapo kale chifukwa cha Sankhani. Ulendo uno azakhali ananenetsa kuti akakananso apatsa wina.

Sankhani anali ndi nkhani imene ankamubisira Consolata. Amalume ake anali atapita kale ku Kaomba kukamufunsira Olive, mtsikana amene mtima wake unathawirako chilimwe chatha, ndipo kumeneko anavomera. Mawu oti amuuze Consolata anali ochepa: pita, ine ndapeza wina. Koma atayang'ana Consolata m'kuwala kwa mwezi, Consolata amene ankamusungira mbatata yootcha m'chitenje ali Folomu 4, anawameza mawuwo. Anaopa misozi. Komanso, tisabise, kudikiridwa kumakoma.

"Usapite," anatero.

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati chabwino, akamasula chikwama. Analowa m'nyumba osatsanzika.

Sankhani ananyamuka mudzi wonse utagona. Kwa amalume ake, kumene ankakhala chibwerere kudzaphunzira sekondale, kunali kutsidya kwa dambo, ndipo njira yake inali imodzi basi: msewu wafumbi wodutsa m'minda ya esiteti yakale, kenaka m'mbali mwa manda. Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni. M'minda munangotsala mitengo ya fodya yopanda masamba, ili njo ngati anthu odikira basi. Ankayenda akudzitonthoza kuti Consolata ndi wopirira, amuuza sabata yamawa, kapena ikatha misika. Mtima unkamuyankha kuti wabodza iwe.

Atayandikira mitengo ya kumanda anaona chinthu chachikulu choyera chitaima pakati pa msewu.

Chinali chigalimoto chonga nyumba, cha makatani m'mawindo ndi kamakwerero kumbuyo, zija amayendera azungu odzaona dziko. Kumbuyo kwake chinkakoka kagalimoto kakang'ono. Nyali zonse zinali zozima. Pakati pa magalimoto awiriwo panagwada bambo wovala jekete lalitali, akumenya chitsulo chokokera ndi mwala. Mwalawo unkakwera, unkatsika... koma phokoso silinkamveka.

Sankhani anapereka moni. Bamboyo sanadzutse mutu.

"Chakana kumasuka," anatero. "Tandigwirani, achimwene."

Mnyamata wokulira pa fodya amadziwa ngolo ya thirakitala. Sankhani anagwada n'kugwira pini yolumikiza chitsulocho, ndipo anaona msanga vuto lake. Magalimotowo anaima pokwera, kakang'onoko kankakokera kumbuyo, ndiye pini inali itapanikizika. Ngakhale mutaimenya mpaka kuche singatuluke. Anawauza bamboyo kuti akalize chigalimotocho, abwerere m'mbuyo pang'ono chabe kuti chitsulo chipume.

"M'mbuyo sindiyang'ana ine."

Mawuwo anatuluka ouma, opanda mpweya. Sankhani anamva tsitsi likuimirira. Anafuna kuchokapo msanga. Ndiye anaganiza zokankha kagalimotoko kuti kayandikire kutsogolo, amalize, azipita.

Akudutsa pambali pake anamva kugogoda.

Go... go... go...

Munali munthu! Mayi wa duku loyera, atakhala pakati pa miphika ndi mitolo ya zovala, dengu lili pamiyendo. Ankamenya galasi ndi chikhatho, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wagogoda nthawi yaitali ndipo sakuyembekezanso kuti wina atsegula. Maso ake sanali pa Sankhani. Anali pa msana wa bambo uja.

"Bambo, muli amayi umu!"

"Asiyeni. Ndi opirira amenewo."

Sankhani anapita kumbuyo, anaika phewa, nakankha. Chitsulo cha galimotoyo chinali chofunda. Usiku wozizira chotero, chofunda! Anakankhanso. Kagalimotoko kanasuntha pang'ono, iye n'kukankhira mwala kunsi kwa tayala ndi phazi. Fungo linayamba kumveka. Mphira wopsa. Nsalu yopsa. Ndi fungo lina limene sanafune kulidziwa.

Anathamangira pa pini. Inali yotentha ngati khasu la m'moto. Anaikulunga ndi malaya, anakoka... anapotoza... inatuluka!

Chitsulo chinagwa pansi. Popanda phokoso.

Bamboyo sanasunthe. Anangopitiriza kumenya pamalo pomwe panali pini, mwala kukwera, mwala kutsika.

Go... go... go...

Apo ndi pamene Sankhani anaona chitseko. Chinali chomangidwa ndi linya chakunja, monga achitira ndi chitseko chimene chimatseguka chokha pa mabampu. Mfundo yake inali yaing'ono. Mwana akanatha kuimasula. Sankhani anaimasula.

Mayiyo anatsika. Anaika dengu pamutu, anakonza chitenje, nadutsa pafupi ndi bamboyo osamuyang'ana n'komwe. Analowa m'mitengo ya kumanda. Udzu sunagwedezeke.

"Feggie..." anaitana bamboyo, ali chigwadire. "Feggie..."

Sankhani anatembenuka kuti awaone nkhope.

Msewu unali mbee. Fumbi ndi mwezi basi.

Anathamanga. Sanalowere kwa amalume ake, ngakhale kunali kufupi. Miyendo inamubweza njira yomwe anadzera, kudutsa minda yonse ija, mpaka anakagwera pa zenera la Consolata. Mtsikanayo sanali m'tulo. Anatuluka atafunda chitenje, maso otupa, ndipo ataona chikhatho cha Sankhani chitatuluka matuza anamukokera kuseri kwa chigafa. Sankhani anafotokoza zonse mosokonekera: chigalimoto cha makatani, pini, linya, dzina limene bamboyo ankaitana.

Consolata anakhala pansi pa mulu wa mapesi.

Anati amenewo ndi a Moffat, amene anali kapitawo wa pa esiteti ija. Mwini esiteti pochoka anawasiyira chigalimotocho, ndipo iwo, ataona kuti atukuka, anakwatira mkazi wachiwiri. Tsiku losamukira ku Nkhamenya, wamng'onoyo anamukweza kutsogolo. Mayi Feggie, amene anavutika nawo zaka zonse za umphawi, anawaika m'kagalimoto kakufa kam'mbuyo pamodzi ndi katundu, n'kumanga chitseko. Panjira matayala a kagalimotoko anagwira moto. Hutala sinkalira. Anthu m'mbali mwa msewu ankakuwa, kukweza manja, a Moffat n'kumabweza moni. Pamene anaima pa manda paja, anathamangira kumasula chitsulo kuti moto usafike ku chigalimoto chawo. Za chitseko anaziika pambuyo. Thanki inaphulika ali chigwadire pomwepo.

"Anawaika onse awiri m'manda omwewo," anatero Consolata. "Ine ndili Sitandade 2. Iwe unali usanabwere kuno."

Kutali tambala analira. Sankhani anayang'ana chikhatho chake, kenaka anayang'ana zenera la chipinda cha mtsikanayo. Kandulo inali ikuyaka, ndipo pamphasa pankaoneka chikwama chotsegula, zovala zitatulutsidwa theka.

"Consolata, amalume anapita ku Kaomba." Mawu ankatuluka ngati minga. "Anakandifunsira Olive. Anavomera. Ndakhala ndikukunamiza kuyambira chilimwe chatha. Usamasule chikwama chija."

Anadikira kulira. Anadikira mbama, ndipo akanailandira ndi manja awiri. Koma Consolata anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, naimirira, nakutumula zinyalala za mapesi.

"Za Olive ndinazimva kuchigayo mwezi watha," anatero. "Mudzi wonse ukudziwa. Ine ndimafuna ndizimve pakamwa pako, Sankhani, kuti ndikakwera galimoto ija ndisakhale ndikucheuka. Tsopano pita. Ndikufuna ndilongedze."