Kalamba Koyera

Chilembo cha R chinang'ambikanso. Emeliana anachikoka pang'onopang'ono ndi singano, atagwira mpweya, koma mwendo wa chilembocho unakanirira, kenako chonse chinatamuka ngati chingamu n'kuduka. Aka kanali kachinayi masana amenewo.

Anakhala pansi n'kuyang'ana makinawo. Anali makina odulira vinilo, pepala lija lapulasitiki lopyapyala limene amadulapo zilembo ndi manambala, kenako n'kuzimata pa masikipa ndi chitsulo chotentha. Amayi ake, ba Rosina, anagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi m'kachipinda kakumaso kwa nyumba yawo, pafupi ndi msika wa Rufunsa. Makwaya a ku Mpanshya, matimu a mpira a ku Shikabeta, ngakhale anthu a ukwati, onse ankabwera pakhomo pomwepo. Tsopano panali patadutsa miyezi khumi chimwalirire ba Rosina, ndipo nsalu yophimba makinawo inali itavundukulidwa sabata yomweyo.

Tsiku logawa katundu wa malemu, malume ake a Emeliana, ba Derrick a ku Chongwe, anafuna kutenga makinawo. Sanali munthu woipa mtima. Anangonena kuti chinthu cha mlongo wawo chisachite dzimbiri pakona pamene iwo ali ndi shopu yoti chingagwiremo ntchito. Atate a Emeliana, ba Zebron, mphunzitsi wosalankhulalankhula, anapempha kuti adikire kaye. Ba Derrick anavomera. Anati akadzabweranso n'kupeza mwana akuwagwiritsa ntchito, adzawasiya. Akadzawapeza ali chigonere, adzawakweza m'galimoto. Ndiye Lolemba anaimba foni kuti akubwera Loweruka.

N'chifukwa chake Emeliana anathamangira kwa ba Edness, aphunzitsi oyang'anira timu ya atsikana ya mpira wamanja. Timuyo inali ndi mpikisano Loweruka lomwelo, ndipo chaka chilichonse masikipa awo ankalembedwa ndi ba Rosina.

"Iwe, uzakwanitsa?" anafunsa ba Edness, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Masikipa ni khumi na awiri. Osati unipatse zilembo zopunduka, ana anga akasekedwe pa bwalo."

"Nizakwanitsa, ba ticha. Ninali kuona mwamene amayi anali kuchitira."

Kuona anaonadi. Ankadziwa kutembenuza mawu pa laputopu kuti adulidwe chagada, ankadziwa mbali ya vinilo yoyang'ana kumwamba, ankadziwanso kutsitsa timawilo togwira pepala. Koma makinawo ankachita zosamveka. Pa mawu amodzimodzi, RUFUNSA, zilembo zakumapeto zinkaduka bwinobwino n'kumasendeka mosavuta. Zakumayambiriro kampeni kankangozikanda pamwamba. Mwina U ankaduka mbali imodzi, mbali ina ayi.

Lachitatu anawonjezera mphamvu ya kampeni. Zinaipiraipira. Pamene pankaduka kale bwino, kampeni kanaboola mpaka pulasitiki yapansi, ndipo pamene pankakana, panakanabe. Mwamsangamsanga anabwezera nambala pamene amayi ake anaisiya, ngati waba kanthu. Lachinayi anatulutsa kampeniko, anapeza ulusi ndi tizidutswa ta vinilo titamatirira kunsonga, anakapukuta n'kukabwezera. Zinasinthako pang'ono, koma R anang'ambikabe. Mpukutu wa vinilo woyera, womwe unali umodzi wokha, unali ukuwonda. Wina akanachokera ku Lusaka, ndipo nthawi yopitira kumeneko panalibe.

Lachisanu anaweruka kusukulu masana n'kupeza malaiti alipo. Anthu ankati magetsiwo apita cha m'ma folo. Sanavule n'komwe yunifolomu.

Ali chiimire, osadziwa poyambira, maso ake anagwera pa chitseko cha kabati. Chinali chodzaza ndi timabokosi ting'onoting'ono ta vinilo, tofiira, tachikasu, tobiriwira, tomatidwa m'mizere. Ali wamng'ono ankayesa kuti amayi ake amangokongoletsa. Tsopano anakumbukira bwino. Asanayambe ntchito iliyonse, ba Rosina ankadula timabokosi totere kuchokera mbali ina ya makina kufika mbali inayo, n'kumatisenda kamodzikamodzi akuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya. Emeliana akafunsa, ankati, "Niwafunsa makina ngati auka bwino."

Anatenga chidutswa chotsala, anajambula timabokosi khumi pamzere umodzi, n'kudina batani. Makina analira kulira kwawo kuja, ndipo kwa kanthawi kachipindako kanakhala ngati kale, ngati kuti wina atulukira pakhomo atanyamula kapu ya tiyi n'kumuuza kuti achotse chigongono patebulo. Sipanatulukire munthu.

Anayamba kusenda. Kakhumi kanachoka. Kachisanu ndi chinayi kanachoka. Anapitirira chobwerera m'mbuyo mpaka kachisanu, tonse bwinobwino. Kachinayi kanakakamira pakona. Kachitatu, kachiwiri ndi koyamba sitinaduke n'komwe. Anayesanso ndi chidutswa china, ndipo zinachitika chimodzimodzi, pamalo omwewo.

Ndiye vuto silinali kampeni, silinalinso vinilo. Linali malo.

Anachotsa pepala n'kuwerama. Pansi pa njira yodutsa kampeni panali kalamba koyera, kopyapyala, komatidwa kuchokera uku kufika uko. Vinilo amagona pa kalambako kampeni kakamadula. Anayendetsapo chala. Mbali ina kanali kosalala. Koma atafika mbali imene amayi ake ankakonda kuyambira ntchito, chala chinalowa m'kangalande. Kalambako kanali kokumbika, kodzaza mizere yambirimbiri yopingasana. Pamenepo vinilo ankalowa pansi, kampeni n'kumangomukhudza pamwamba.

Emeliana sanachotse chalacho. Anachiyendetsa m'kangalandemo kupita uku, kubwerera uku. Mizere yonseyo inali ya amayi ake. Munali masikipa a kwaya, munali a ukwati wa mnansi wawo ba Victoria, munali sikipa yake yomwe ya tsiku lomwe anakhoza giredi seveni.

Ba Zebron anamupeza chomwecho. Anaimika njinga panja, anaima pakhomo ndi chikwama chawo cha mabuku. Chimwalirire akazi awo, sankalowa m'kachipindako. Ankafika pakhomo, n'kubwerera.

"Zikali kukana?" anafunsa.

"Napeza vuto, ba tate. Ni aka kalamba. Kakumbika."

"Manje?"

"Kafunika kuchotsa, kuikapo kena." Analoza kangalande kaja. "Koma kena kulibe. Ndipo olo kanaliko, siningakachotse."

"Chifukwa?"

"Bwerani mugwire."

Ba Zebron anayang'ana pansi, pamzere wa simenti wolekanitsa khonde ndi kachipindako. Kenako anaudumpha. Anaika chikwama pampando, anawerama, n'kuyendetsa chala chawo chokhala ndi choko pa kalambako. Chalacho chinalowa m'kangalande muja.

"Ni amayi aba," anatero Emeliana. "Vovala vinagawidwa. Mapoto anayenda, nsapato zinayenda. Apa chabe ndiye pasala pamene anagwira. Nikachotsa, ndiye kuti nawachotsa."

"Ukapanda kuchotsa, mailo Loweruka amalume ako azanyamula vonse, na kalamba komwe."

"Niziwa!"

Anafuula mosayembekezera, ndipo onse awiri anadzidzimuka. Panja minibasi ya ku Luangwa inadutsa pamsewu waukulu, kondakitala akuitanira anthu. Ba Zebron anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi ngakhale anali oyera kale, n'kuwavalanso.

Kenako anapisa dzanja m'thumba lamkati la jekete. Anatulutsa kapepala kakhaki kopindapinda, kofewa chifukwa chokhalitsa m'thumba. Anakatambasula patebulo. Munali kalamba koyera katsopano, kokulungidwa ngati tepi yoyezera nsalu.

Emeliana anayang'ana kalambako, anayang'ana atate ake.

"Chaka chilichonse nikayenda ku Lusaka kuchonga mayeso, amayi ako anali kunituma aka," anatero ba Zebron, maso ali patebulo. "Ine sininali kuziwa na nchito yake. Ninali chabe kuonetsa kachidutswa mu shopu, banipasa. Aka ninagula ulendo wothera. Pamene ninafika pa nyumba, ninapeza bamutenga kale ku chipatala." Anakhosomola pang'ono. "Ninati nizamupasa akatuluka."

"Miyezi yonse iyi kanali mu jekete?"

"Jekete ili na matumba ambiri. Sikanali kulema."

Emeliana anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatsika. Atate ake sanamugwire. Anangosendeza mpando pafupi n'kukhala.

"Aka kamene ukana kuchotsa ni kachisanu," anapitiriza. "Tinayi tinayenda ku dzala. Amayi ako anali kukamatula na mpeni wa ku khichini, kukataya, osayang'ana na kumbuyo. Tsiku lina ninabafunsa ati, simungakatembenuze chabe? Ananiseka. Ati, a Zebron, imwe chongani mayeso, vilembo visiyileni ine. Munthu wovala sikipa safuna kumva nkhani, afuna R wa myendo iwiri."

Apa Emeliana anasekadi, akupukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Anawamva mawuwo mmene amayi ake akanawanenera, mutu atapendeketsa, singano ili pakamwa.

Anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itadutsa thu koloko.

Anapita kukhitchini n'kubwera ndi mpeni. Analowetsa nsonga pansi pa kalamba kakale, pakona. Dzanja linaima. Atate ake sanamufulumizitse. Kenako anakoka. Kalambako kanamatuka pang'onopang'ono, kakulira ngati nsalu yong'ambika, mpaka kumapeto. Anapukuta ulimbo wotsala ndi kansalu konyowetsa sipiriti, anadikira kuti paume, n'kuyamba kumata katsopano. Ba Zebron anagwira mbali imodzi kuti kasakhote, iye akutsendereza ndi chala chachikulu pang'onopang'ono.

Anadulanso timabokosi khumi. Ulendo uno anayambira koyamba, kaja kankakanitsitsa. Kananyamuka pansonga ya singano popanda kulimbana. Kachiwiri chimodzimodzi. Tonse khumi tinachoka, m'mbali muli mosalala. Emeliana anatenga koyambako n'kukamata pa chitseko cha kabati, pansi pa mzere womaliza wa amayi ake.

Vinilo wotsala anali wongokwanira, choncho anapanikiza mawu pafupipafupi pa laputopu kuti pasatayike malo. Makina anadula, iye akusenda, atate ake akuyala masikipa abuluu ndi kutsitsa chitsulo chotentha, akuwerenga masekondi mokweza ngati ali m'kalasi. Sikipa yachisanu atate ake anaiika mozondoka, ndipo Emeliana anawagwira dzanja chitsulo chisanatsike.

"Ba tate! Imwe chongani mayeso."

Ba Zebron anamuyang'ana kanthawi. Kenako anatembenuza sikipayo, koma pakona pa mlomo wawo panagwedezeka. Malaiti anapita atangomaliza yakhumi ndi chiwiri.

Loweruka m'mawa ba Derrick anafika ndi kagalimoto kawo kotsegula kumbuyo. Anapeza pakhomo pali phokoso la atsikana akuvala masikipa pamwamba pa madiresi, ba Edness akuwatembenuza mmodzimmodzi kuyang'ana kumsana.

"Hmm," anatero ba Edness, akukanda chilembo ndi chikhadabo kuti aone ngati chingamatuke. "R aimilira. Iwe mwana, unabisa manja."

Ba Derrick anapereka moni, analowa m'kachipinda, anaima patsogolo pa makina. Anayang'ana chitseko cha kabati nthawi yaitali. Kenako anayendetsa chala pa kalamba katsopano, pamene panali pataoneka kale timizere tochepa tosaonekera bwino.

"Anachinja ndani aka?"

"Ndine, ba malume."

Ba Derrick anagwedeza mutu movomereza. Anatuluka, anayang'ana kumbuyo kwa galimoto yawo, mmene munali thumba limodzi lokha la makala.

"Mulamu," anatero kwa ba Zebron, "motoka yazula lelo. Malo kulibe. Visale chabe."

Atsikana atanyamuka kupita ku bwalo, Emeliana anabwerera kukasesa. Anasonkhanitsa zidutswa za vinilo, anayang'ana pansi pa tebulo, anayang'ana m'dengu la zinyalala. Kalamba kakale kaja sanakaone. Anatuluka kuti afunse, koma anaima pakhomo. Atate ake anali pakhonde, atafulatira, akukulunga kanthu koyera mosamala m'kapepala kakhaki kaja. Anakalowetsa m'thumba lamkati la jekete, anasisitapo kawiri, n'kutenga njinga.

"Tiye," anatero osacheuka. "Mpira uyamba na teni. Tikaone ngati vilembo vako vizapirira thukuta."

Emeliana anatseka chitseko, makina osawaphimba, n'kukwera pakaliyala.