Bogi ya Kumbuyo

Marrit anafika pasiteshoni ya Zwolle ali wefuwefu, chikwama chili kumsana. Uthenga wa Hidde, chibwenzi chake, unali utangolowa kumene.

"Mtima wanga, sitimayo imagawika pawiri. Iwe ukwere bogi ya kumbuyo. Chombo chinyamuka madzi a m'nyanja akangodzaza padoko, usachedwe duwa langa."

Anamwetulira yekha ngati wopepera. Hidde anali atamulonjeza ulendowu kalekale: sabata yathunthu pa chombo cha matanga, kuzungulira zilumba pamodzi ndi anzake a ku Harlingen. "Kumeneko ndikakuonetsa kwa onse, adziwe kuti ndiwe wanga," ankatero. Mtsikana wake uti angakane mawu otere?

Anakhala kumbuyo monga anauzidwira. Atayenda ndithu, anadzidzimuka kumva akulengeza siteshoni ya Assen, imene siili pa njira ya ku Leeuwarden, kodutsira popita ku Harlingen.

"Pepani bambo, sitimayi ikupita ku Leeuwarden eti?" anafunsa mkulu wina amene ankadya buledi wa tchizi.

"Ku Leeuwarden? Mwanawe, uku ndi ku Groningen! Wakukhazika kumbuyo ndani?"

"Chibwenzi changa."

"Ndi mlendo kuno?"

"Ayi, kwawo ndi ku Harlingen konko. Njirayi amayenda sabata iliyonse."

Mkulu uja anamuyang'ana, kenaka anangobwerera ku buledi wake.

Mutu wa Marrit unaima. Kodi anawerenga molakwa? Anawerenganso, mawu anali omwe aja. Anaimba foni, koma sinayankhidwe. Pomaliza analemba kuti, "Pepa wokondedwa, ndasokoneza ine." Tangoganizani, kupepesa mlandu wa wina! Chikondi chimapusitsa zedi.

Ku Groningen anapeza njanji ya ku Leeuwarden ikukonzedwa, ndiye anakwera basi. Basiyo inakaimanso pa mlatho umene anautsegula kuti mabwato adutse. Mvula nayo inati ndilipo. Ali chiimire pomwepo, foni inalira.

"Usadzivutitse mtima wanga, ife tanyamuka kale. Bwerera kunyumba, ndikabwera ndidzakupepesa bwino."

Analira mwakachetechete, koma sanabwerere. Ankafuna angoona ngakhale matanga okha patali, awabayibitse.

Atafika padoko la ku Harlingen, anapukuta m'maso kawiri. Chombo chija chinali pomwepo, chomangirira, matanga ali chipindire! Mayi wina wa jekete yofiira, woyendetsa chombocho, ankayang'ana kumwamba.

"Amayi, simunanyamuke?"

"Ndi mphepo imene ija? Timadikira ileke. Ndinu ndani?"

"Ndine Marrit, wa Hidde."

"Marrit? Si inu amene Hidde anati mwadwala? Bedi lanu anapatsa Nynke kale dzulo."

"Dzulo?"

Nthawi yomweyo Hidde anatulukira pa makwerero akuseka, dzanja lili m'chiuno mwa mtsikana wamtali amene mphete inkanyezimira pachala chake. Ataona Marrit, chiseko chinauma.

"Ndani ameneyu, Hidde?" anafunsa mtsikanayo, Nynke uja.

"Ndi... ndi mnzanga wa kuntchito."

Mawuwo anamulasa Marrit kuposa mphete ija. Anayandikira m'mphepete mwa doko, madzi akuchucha m'tsitsi.

"Hidde, tandiuza chimodzi chokha. Bogi ija unalakwitsa, kapena unachita dala?"

Hidde anayang'ana nsapato zake.

"Ndimaganiza kuti ukafika ku Groningen ungobwerera. Sindimafuna kukupweteka."

"Ine ndakupepesa iwe, Hidde! Tsiku lonse ndakhala ndikudzitukwana kuti ndine chitsiru chosatha kukwera sitima!"

Woyendetsa uja anatsokomola. "Abale, mphepo yaleka, ndipo madzi akayamba kuphwa tigona pano. Akukwera ndani? Wotsala atithandize chingwecho."

Chingwe chomaliza chinali chokoledwa pa chitsulo, pafupi ndi phazi la Marrit. Anawerama, nachimasula, n'kuchiponya. Chinagwera pachifuwa pa Hidde, chonyowa.

"Mwamasuka," anatero Marrit. "Pitani."

Chombo chinayamba kutalikira, mawu a Nynke akumveka pamadzi, akufunsabe kuti mnzake wa kuntchito akulira chiyani.